Ndudu yogula imodziimodzi

Pa kaokala kanga pafupi ndi doko la Makawa, katundu amene sagona pa shelefu ndi ndudu. Sopo amatha kukhala sabata yathunthu, koma paketi ndikaitsegula madzulo, alovi okayala chilimira amaimaliza asanakankhe bwato. Wogula paketi yonse kulibe. Uyu imodzi, uyu ziwiri, ina n'kuipanikiza kukhutu kuti akasute usiku panyanja kukazizira.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zonse zinakwera. Amayi anachepetsa shuga, mafuta ophikira n'kumagula oyeza m'kachubu. Koma osuta akalekale sanasiye, chifukwa chibaba sichimva za mtengo. Bambo wina wachikulire, wosoka maukonde, anangosintha njira: amagula chingambwe pamsika, n'kumapichira papepala la kope yakale. Fodya ameneyo alibe fyuluta, ndipo otolera msonkho a MRA sapezapo ngakhale tambala. Ena amangodula pa ndalama ya ndiwo, ndipo izi n'zimene zimandiwawa, chifukwa akazi awo ndi omwewo amene amadzandipempha ngongole ya mchere.

Komabe ine msonkho wokweza mtengo wa ndudu ndimaufuna. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mtengo ukakwera ndi 10 peresenti, kusuta m'maiko osauka kumatsika ndi pafupifupi 5 peresenti, ndipo limalangiza kuti msonkho uzifika 75 peresenti ya mtengo wa paketi. Amene amabwerera chifukwa cha mtengo ine ndimawaona: ndi anyamata ongoyamba kumene, othandiza kuyanika usipa pathandala, amene chibaba sichinawagwire.

Pamene pali vuto ndi pa kugulitsa imodziimodzi. Paketi ikakwera, mnyamata sazimva kwenikweni, chifukwa ndudu imodzi imakwanabe pa tchenji cha m'thumba.

Dziko lathu linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023, ndipo ena akuopa kuti alimi avutika, kuphatikizapo a ku Namwera kuno. Koma fodya wa bale wogulitsidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu wambiri amapita kunja. Msonkho wa ndudu zosutidwa muno sumukhudza kwenikweni. Boma likweze msonkhowo, liletsenso kutsegula paketi. Phindu langa lichepa ndithu, poti ndudu yoyoyola imalipira kuposa paketi, koma ndilolera, bola lamulolo ligwirenso wa benchi wa pamsika osati ine ndekha.