Kapuku wayamba kuimba banjo, koma ndataya zithunzi 216

Papita masabata atatu ndisanalembe za kafilimu kathu, ndipo ena mwandifunsa ngati ndasiya. Sindinasiye ayi. Ndinangofooka pang'ono.

Kwa inu amene mwatipeza lero: ine ndi ana anga awiri tikupanga kafilimu ka zidole kuno ku Chipata, m'chipinda chimene timasungiramo matumba a chimanga. Nkhani yake ndi ya mbewa, dzina lake Kapuku, yemwe anatola kachitini ka polishi kuseri kwa nkhokwe n'kupanga banjo. Anzake onse ali kalikiliki kututa mtedza kulowetsa kuuna, iye ali pachulu kukoka nsambo. Chimene akufuna n'chimodzi, kukafika m'tauni kuti amveke pa wailesi. Vuto lake mukulidziwa kale: kuno kwathu kum'mawa munthu akaona mbewa saganiza za nyimbo, amaganiza za mchere ndi moto.

Amene anayambitsa zonsezi ndi mwana wanga wamkazi. Anaonera kwa anzake Supa Team 4, makatuni aja a Malenga Mulendema amene anatuluka pa Netflix mu 2023, nkhani yake yochitikira mu Lusaka. Atabwera anandifunsa kuti, "Atate, nanga a ku Chipata ali kuti?" Ndinayankha mwachibwana kuti tipanga tokha. Mwana saiwala lonjezo.

Tili pati tsopano? Filimu ya kukanema imayenda zithunzi 24 pa sekondi imodzi, koma ife tikujambula 12, monga amachitira ambiri opanga makatuni, ndipo diso silidandaula. Tikufuna mphindi 4, ndiye kuti zithunzi 2,880. Mpaka dzulo zimene ndasunga ndi 840, masekondi 70. Chithunzi chimodzi chimanditengera pafupifupi mphindi ziwiri: kusuntha dzanja la chidole pang'ono, kuchotsa zala zanga, kujambula, kuyang'ana, kusunthanso. Madzulo abwino ndimapeza pafupifupi masekondi 4. Mkazi wanga akuti munthu wolima ndi khasu amaona mizere yambiri kuposa ine, ndipo sindinamutsutse.

Zikanakhala 1,056 pakanapanda kupusa kwanga.

Gawo limene Kapuku amaimba koyamba pamaso pa amake ndinalijambula ndisanakhale ndi nyimbo. Ndinkangong'ung'udza kanyimbo mumtima, n'kumakweza ndi kutsitsa kadzanja kake mmene ndinkaonera kuti n'koyenera. Madzulo anayi athunthu. Nditaonera popanda mawu zinali zokongola kwabasi, mpaka ndinaitana aneba. Kenako Loweruka linalake ndinakwera basi kupita ku Katete kwa amalume, amene amaimba banjo yopanga okha kuyambira ali mnyamata: chigubu cha chitsulo, chikopa cha mbuzi, nsambo za waya wa mabuleki a njinga yamoto. Ndinawajambula mawu ndi foni titatsekera m'nyumba, tambala wawo titamuthamangitsira kudimba. Nditabwerako n'kuphatikiza nyimbo ndi zithunzi, ndinagwira pakamwa. Banjo ikulira uku, dzanja la Kapuku lili m'mwamba ngati akufuna kuyankha funso m'kalasi. Pamene amalume apumira, iye ndiye akukwapula nsambo. Ndinayesa kufulumizitsa, ndinayesa kuchedwetsa, ndinadula zithunzi zina pakati. Zinangoipiraipira. Mwana wanga wamwamuna, wa zaka 7, anaonera kamodzi n'kunena kuti, "Akunama uyu, sakuimba." Ndinafufuta masekondi 18 onse usiku womwewo.

Ndiye tsopano nyimbo ndiyo imatsogola. Ndinamvetsera ya amalume kambirimbiri ndikuwomba m'manja, mwana atagwira wotchi, ndipo tinapeza kuti imagunda kawiri pa sekondi. Mwayi wake ndi umenewo, chifukwa pa zithunzi 12 ndiye kuti kugunda kulikonse kumatenga zithunzi 6 ndendende. Ndinatenga kope la masamu, n'kulemba mzere uliwonse kukhala chithunzi chimodzi, ndipo pa mzere wachisanu ndi chimodzi uliwonse ndinaika kamtanda kofiira. Pa kamtandapo dzanja liyenera kukhala litafika pansi pa nsambo.

Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene sindikanachidziwa ndikanapanda kuwayang'anitsitsa amalume. Dzanja lawo silikwera ndi kutsika mofanana. Limakwera pang'onopang'ono, n'kugwa msanga ngati nkhwangwa. Ndiye pa zithunzi 6 zija, zinayi ndi zokwera, ziwiri zokha ndi zotsika. Komanso saimba ndi dzanja lokha. Phewa limagwedera, chidendene chimamenya pansi, ndipo akafika pamene nyimbo yawakoma amatsinzina n'kupendeketsa mutu ngati akumvera nkhani yachinsinsi. Kapuku alibe chidendene chooneka bwino, choncho ntchito imeneyo ndaipereka kwa mchira. Umamenya pansi pa kamtanda kalikonse. Nditajambula masekondi 4 oyamba mwanjira imeneyi n'kuika nyimbo, chipinda chonse chinakhala chete, kenako wamng'ono uja anayamba kuvina. Sananene kanthu, ndipo sindinamufunse.

Pakamwa ndinkaopa kwambiri, koma chinenero chathu chandithandiza. Mawu athu amathera pa a, e, i, o, u, ndipo pafupifupi kachigawo kalikonse ka liwu kamatero. Ndinadula timilomo 5 pa kapepala kolimba, n'kuwonjezera kachisanu ndi chimodzi kotseka, ka pamene akutchula m, b kapena p. Timilomoti ndimamata ndi kaphula pang'ono n'kumasinthanitsa ndi chopanira nsidze cha mayi a ana, chimene sakudziwabe kuti chili kwa ine. Ka "o" kanasowa Lachiwiri, tinakapeza katamatirira kuphazi kwa mwana.

Thupi la Kapuku ndi lachitatu ili. Loyamba linali la dongo lochokera kudambo cha ku Lutembwe, linauma n'kusweka pakhosi pa tsiku lachiwiri. Lachiwiri linali la dongo la m'sitolo lija ana amaumbira kusukulu, koma masana chipinda cha malata chikatentha, makutu ankagwa okha ngati masamba a chibwabwa. La tsopano mafupa ake ndi waya wofewa wopota pawiri, amene anandipindira mnyamata wina wopanga magalimoto a waya kwathu kuno, mnofu ndi siponji ya matiresi akale, khungu ndi sokosi yotuwa ya pasalaula ku Kapata. Ndevu ndi ulusi wa thumba la feteleza. Kumapazi ndinabowola n'kulowetsa timisomali tolowa m'thabwa, apo ayi amagwa chagada pakati pa nyimbo.

Za kuwala ndingonena mwachidule, poti ndinalembapo kale. Dzuwa silidalirika: mtambo ukadutsa, chithunzi chimodzi chimada, ndipo pa kuonera filimu imaphethira. Ndinatseka zenera ndi bulangete. Malaiti nawo amapita nthawi imene afuna, ndiye ndikugwiritsa ntchito nyale ya sola, koma nayo batire ikamatha imazilala pang'onopang'ono osakuuza. Tsopano ndimajambula ola limodzi ndi theka basi, n'kusiya. Foni ndaimangirira ndi mphira ku mpini wa khasu wopanikizidwa ndi njerwa zinayi, ndipo ndimajambula pokanikiza batani la pa chingwe cha zomvera m'makutu kuti ndisaigwedeze. Ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa foni yotchedwa Stop Motion Studio, imene imaonetsa chithunzi chapitacho mwachizimezime pamwamba pa chatsopano, ndiye umadziwa ngati wasuntha mopitirira.

Othandiza achuluka. Ana a m'komboni anamva kuti kuno kuli mbewa yoimba, ndipo tsiku lina ndinali nawo 9 m'kachipinda kamodzi. Wina anagunda njerwa, dziko lonse la Kapuku linapendekeka. Akulu ananena kuti mbewa zikachuluka siziika masa. Panopa amalowa awiriawiri, ndipo ali ndi ntchito yawo: kuumba maungu ndi zitsononkho zapansi, zimene zikasweka palibe amalira.

Chimene chatigawanitsa m'nyumba muno ndi gawo lotsatira. Kapuku akanyamuka kumudzi ayenera kutsata Great East Road, ndipo aliyense woyenda msewu umenewu pakatha kukolola amadziwa chimene chimakhala m'mbali mwake: anyamata atakweza timitengo ta mbewa zowamba, akuthamangira galimoto iliyonse yochepetsa liwiro. Ine ndikufuna Kapuku adutse pamenepo usiku, aone, banjo ili kumsana, aime kaye. Mwana wanga wamkazi wakana kwamtuwagalu. Akuti ana ang'onoang'ono adzalira, ndipo iyenso kuyambira pamene tinayamba filimuyi sakudyanso mbewa, nkhani imene yawakwiyitsa ambuye ake. Iwo anamufunsa kuti, "Iwe, ndiye tikapanga filimu ya nkhuku tizidya chiyani pa Khrisimasi?" Koma pa gawo lenilenilo ambuyewo ali kumbali yanga. Akuti nthano zimene ankatiuza pamoto zinali ndi afisi odya ana, ndipo tinakula bwinobwino. Mkazi wanga wapereka nzeru yapakati, yoti timitengoto tioneke ngati mthunzi chabe, patali, nyali za lole zikamadutsa.

Nzeru imeneyi ndaikonda pa chifukwa chinanso, cha ulesi. Sindingathe kusoka mbewa 20. Mayi wina wa ku Germany, Lotte Reiniger, anapanga filimu yathunthu ya mithunzi yokhayokha imene inatuluka mu 1926, zidole zake zodulidwa pa makatoni, zitagonekedwa pagalasi, nyale ili pansi. Ndayesa zomwezo ndi galasi la zenera lakale, pepala loyera ndi nyale yanga ya sola. Timitengo ta mbewa tikuoneka bwino moti n'zoopsa kuposa mmene ndinkafunira. Njira yomweyi idzandipulumutsanso pa khamu la kumapeto, pamene Kapuku adzaimbe pamsika usiku anthu atapita, omvera ake ali achule, amphaka awiri osokonezeka maganizo ndi mlonda mmodzi amene akuyesa kuti akulota.

Amalume anaimba foni dzulo kufunsa ngati mbewa yawo yaphunzira. Ndinawatumizira masekondi 4 aja pa WhatsApp ya mdzukulu wawo. Yankho linabwera m'mawa uno: mchira uli bwino, koma dzanja lamanzere langokhala malo amodzi pakhosi pa banjo ngati lagwira mpini, pamene nyimboyo imasintha katatu. Ndayang'ananso, akunena zoona. Zala za Kapuku ndinazisoka pamodzi, ndiye madzulo ano ndikumasula sokosi kuti ndilowetse waya m'chala chilichonse.