Njira imene ndinadutsa potsegula sukulu ya oyendetsa ndege ku Johannesburg

Amalawi ena amene ali ndi laisensi youlutsa ndege kuno ku Joni amaganiza kuti munthu akangopeza chilolezo cha uphunzitsi, angathe kubwereka ndege n'kuyamba kulandira ophunzira payekha. Malamulo a dziko lino salola zimenezo. Chilolezo chimenecho, chimene bungwe loyang'anira zandege ku South Africa la SACAA limapereka motsatira Part 61 ya malamulo a zandege a 2011, chimangotsimikizira luso la munthuyo, koma maphunziro opezera laisensi ayenera kuchitikira m'sukulu yovomerezeka motsatira Part 141, imene anthu a ntchitoyi amangoitchula kuti ATO.

Ndinayamba ndi kulembetsa kampani ku CIPC, ofesi yolembetsa makampani, ndiponso ku SARS, bungwe lotolera misonkho, ndipo popeza mapepala anga okhalira m'dziko muno anali kale m'malo, gawo limeneli silinandivute.

Ntchito yeniyeni inali yopeza anthu. Aphunzitsi a ndege kuno ali m'magiredi atatu, ndipo wa Grade III, amene ali poyambira, amaphunzitsa moyang'aniridwa ndi wa Grade II kapena wa Grade I. Sukulu iyenera kutchula mkulu woyankha pa zonse, mphunzitsi wamkulu, komanso munthu woona kuti ntchito ikutsata muyezo, ndipo SACAA imafufuza ngati aliyense wa iwo ali woyenera udindowo. Kenaka pamabwera buku la kayendetsedwe ka sukulu, lofotokoza silabasi, kasungidwe ka mafayilo a ophunzira, nyengo imene wophunzira angaloledwe kuuluka yekha, ndi zochita pakagwa ngozi. Ena amalemba akatswiri ntchito yowalembera bukuli, koma ine ndinalemba ndekha, chifukwa oyendera a SACAA akafika amafunsa mwini sukulu, osati amene analipidwa kuti alembe.

Chimene ambiri sachiyembekezera ndi chakuti SACAA siingakupatseni malo pabwalo la ndege. Bwalo likakhala lotsegukira anthu onse, zikutanthauza kuti ndege zingathe kutera ndi kunyamuka, osati kuti aliyense angachitirepo malonda. Bwalo la OR Tambo, limene limayendetsedwa ndi kampani yoyang'anira mabwalo a ndege ya ACSA, n'lodzaza ndi ndege zikuluzikulu ndipo si malo ophunzirirapo kutera, choncho sukulu zambiri zili ku Rand Airport ku Germiston, ku Grand Central ku Midrand, ku Lanseria, ndi ku Wonderboom ku Pretoria. Bwalo lililonse lili ndi eni ake ndi malamulo ake. Pabwalo limene ndinasankha anandipempha mgwirizano wa lendi ya ofesi ndi malo osungira ndege, umboni wa inshuwalansi, ndi ziphaso zolowera kumene kuli ndege za aliyense wogwira nane ntchito. Ndinawerengeranso mosamala ndalama zolipira ndege ikatera, pakuti wophunzira amatera kambirimbiri pa ola limodzi, ndipo laisensi ya PPL, youlutsira ndege mosalipidwa, imafuna maola osachepera 45. Mtengo umenewo ukapanda kukambidwa bwino pachiyambi, phindu lonse limathera pomwepo.

Ndege ndinabwereka Cessna 172, pamodzi ndi mgwirizano ndi kampani yovomerezeka yokonza ndege. Kusankha ndege kuno kumafuna nzeru, chifukwa Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pamene palekezera nyanja, ndipo masana a chilimwe mpweya umapepuka kwambiri moti ndege ya injini yaing'ono, itanyamula anthu awiri ndi mafuta odzaza, imakwera movutikira.

Zonsezi zitakonzeka, oyendera a SACAA anabwera kudzaona kalasi, ndege ndi mabuku ake, ndipo anayerekeza zimene ndinalemba ndi zimene anapeza. Anasonyeza zofunika kukonza m'mafayilo a ophunzira, ndinakonza n'kutumiza umboni, ndipo satifiketi inatuluka. Imatchula maphunziro okhawo amene sukulu yaloledwa kupereka, moti kuwonjezerapo ena kumafuna pempho latsopano, ndipo oyendera amabweranso nthawi ndi nthawi.