Kupeza pofikira mtsinje ulibe bwato

Ambiri amaganiza kuti munthu wopanda bwato sangawedze bwino, koma ine ndaona kuti vuto lenileni ndi kupeza pofikira madzi. Sabata yatha ndinayenda mtunda wautali m'mphepete mwa mtsinje, ndipo malo ambiri anali otsekeka ndi mabango, matope kapena minda ya eni ake. Potsiriza ndinapeza poima pansi pa mlatho, pomwe madzi amazungulira kuseri kwa zipilala n'kukumba dziwe lakuya, ndipo nsomba zimabisala pamenepo podikira chakudya chobwera ndi madzi. Njira ikadutsa m'munda mwa munthu ndimayamba ndapempha chilolezo, chifukwa wolowa mozemba amatseketsa njirayo kwa asodzi onse. Gombe logumuka lokha ndimalipewa, ngakhale pansi pake nsomba zichuluke chotani.