Ndasankha Blantyre

Ntchito yapezeka pawiri, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Achimwene akuti ndipite ku Lilongwe poti ndiye likulu chichokereni boma kuno ku Zomba mu 1975, ndipo maunduna ali kumeneko. Sakunama.

Koma mayi akukalamba ku Chinamwali. Akadwala usiku, ndikufuna m'mawa ndikhale nditafika. Kuchokera ku Limbe, minibasi imadzera pa Namadzi n'kufika kuno maola awiri asanakwane, pomwe ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 300. Komanso mzindawo ndi wotambalala, malipiro angathere pa thiransipoti.

Madzi ku Blantyre amavuta m'madera okwera, poti ambiri amapopedwa kuchokera mu Shire. Ndigula migolo. Nyumba ndayamba kufunsira ku Bangwe.