Zimene hard disk yakufa yandiphunzitsa za Alan Shugart

Sabata yatha aphunzitsi athu a za makompyuta anatiuza kuti aliyense afufuze mbiri ya munthu mmodzi amene anayambitsa kampani yopanga zipangizo zosungira deta, ndipo ine ndinasankha Alan Shugart. Ndisanalembe kalikonse, ndinapita ku Limbe kukagula hard disk (chipangizo chosungira deta m'kati mwa kompyuta) yakufa kwa mnyamata wina wokonza makompyuta, ndipo nditafika kwathu ku Ndirande ndinaimasula. M'kati mwake munali kambale konyezimira ngati kalilole komanso kamkono kopyapyala kamene kamayandama pamwamba pa kambaleko powerenga deta. Nditangokakhudza kamodzi, chala changa chinadindika pomwepo, ndipo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene zipangizozi zimatsekedwera mwamphamvu kuopa fumbi.

Shugart anabadwa mu 1930 ku California ndipo anayamba ntchito ku kampani ya makompyuta ya IBM mu 1951. Kumeneko anagwira nawo ntchito ya RAMAC, makina a mu 1956 amene anali ndi mbale 50 za mainchesi 24 iliyonse, koma zonsezo zinkasunga deta yokwana pafupifupi mamegabayiti 5 okha, imene lero chithunzi chimodzi cha pa foni chikhoza kuimaliza. Mu 1969 anapita ku kampani ina ya Memorex, kenako mu 1973 anayambitsa Shugart Associates, kampani yopanga makina owerengera ma floppy disk (timbale tofewa tosungira deta timene tinkalowetsedwa ndi kutulutsidwa mu kompyuta), koma chaka chotsatira anachotsedwa pa kampani yotchedwa dzina lake lomwe.

Mbali imene yandigwira mtima kwambiri ndi ya mu 1979, pamene iye ndi Finis Conner anayambitsa kampani imene inadzatchedwa Seagate. Mu 1980 anatulutsa ST-506, hard disk ya mainchesi 5.25 yosunganso mamegabayiti 5. Poyamba ndinaona ngati palibe chachilendo, popeza kuchuluka kwa detayo n'kofanana ndi kwa RAMAC, koma nditawerenga mofatsa ndinazindikira kuti nzeru yagona pa kukula kwa chipangizocho. Anachipanga kuti chizikwana ndendende pamalo amene opanga makompyuta ang'onoang'ono anali atasiyira kale makina a floppy disk, moti sanafunike kusintha bokosi la kompyuta kuti achilandire. M'kalasi timakonda kufunsa kuti chipangizo chimasunga zochuluka bwanji, koma kawirikawiri sitifunsa ngati wogula ali ndi pochiika, ndipo ine ndikuona kuti funso lachiwirili ndi limene linathandiza kwambiri kuti Seagate iyambe kudziwika.

Mu 1998 akuluakulu oyendetsa Seagate anamuchotsanso pa udindo, ndipo anamwalira mu 2006. Anzanga ena akufuna kuti lipoti langa litsindike za kuchotsedwa kawiri kumeneku, koma ine ndapereka masamba ambiri ku nkhani ya mainchesi 5.25, ndipo kambale kaja ndikupita nako m'kalasi Lachinayi kuti onse akaone okha kukula kwake ndisanayambe kufotokoza.