Usiku wa Ma Blacks ku Motel Paradise

Dzulo cha m'ma 2 usiku Ma Blacks atangoyamba nyimbo ya Matafale, bambo wina wa imvi pambali pangapa anaika botolo pansi nkukweza manja akuimba misozi ili mbwembwembwe, kamnyamata kena ka pa kabaza kanangowakumbatira osawadziwa nkomwe. Ineyo thupi lonse linachita tsembwe.

Ndiuzeni abale, mu Blantyre muno ndi kuti kwina komwe bwana wa ku banki, mayi wa kaunjika ndi mwana wa sukulu amavina limodzi fumbi lili koboo osafunsana kuti kwanu nkuti? French Cultural Centre itatsekedwa mu 2011 tinasowa kopita Lamulungu masana, zinandiwawa zedi. Ndiye malo atsalawa tiyeni tizipitako, tizilipira pa geti osapempha zaulere, oyimbawa nawonso ali ndi ana kunyumba.