Waya wa 16mm² pansi pa bedi la mwana

Lolemba ndi Lachiwiri pagalaja pathu kuno ku Cape Town panalibe chachilendo. Tinalandira magalimoto athu ogonamo obwereketsa ochokera ku Garden Route, njira ya alendo ya m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa Cape Town, kuyeza mabatire, kutsuka mapanelo a sola, kusintha pampu imodzi ya madzi. Chimene chandilembetsa ndi galimoto imene inalowa Lachitatu m'mawa ikununkha pulasitiki wopserera.

Obwereka anali banja la mwana mmodzi. Mayiwo anatereka mpunga pa sitovu ya induction (yamagetsi yotenthetsa poto ndi mphamvu ya maginito), posakhalitsa utsi n'kuyamba kufuka pansi pa bedi lakumbuyo. Pamenepo ndi pamene pali bokosi la batire ndi inveta (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba), ndipo mwanayo amagona pamwamba pake.

Nditatsegula ndinapeza waya wochokera ku batire kupita ku inveta uli wa 16mm², chikopa chake chitasungunuka chala chimodzi kuchoka pa lug, kachitsulo kolumikizira kumapeto kwa waya. Lug yakeyo inali yophwatika ndi nyundo, osati yofinyidwa ndi makina. Fyuzi ya 250A inali bwinobwino, ndipo sikanaduka. Sitovu ya 2000W m'nyumba, pa 230V, imakoka ma amp osakwana 9. Sitovu yomweyo ikamadya batire ya 12V, inveta itadulako gawo lake, imakoka pafupifupi 185. Waya wa 16mm² umapirira ongopitirira pang'ono 100. Ntchito ya fyuzi ndi kuteteza waya, koma apa waya ndi umene unkapsa fyuzi isanamve kanthu.

Gwero lake ndi lodziwika. Mabwana atachotsa gasi m'magalimoto, ganizo limene ine ndinagwirizana nalo, anagula masitovu, mabatire ndi mainveta a 2000W. Waya sanagule. Galimotoyi kale inali ndi kainveta ka 600W kotchajira mafoni ndi malaputopu, ndiye amene anapatsidwa ntchitoyo anangosintha inveta ndi fyuzi, waya wakale n'kuusiya. Sindimunena mnyamatayo. Pempho la waya wokhuthala ndi makina ofinyira ma lug linalembedwa kawiri, yankho n'kukhala lakuti tigwiritse ntchito zimene zili m'sitolo.

Ndinaika waya wa 50mm² chifukwa mtunda sunkafika mita imodzi ndi theka. Ukatalika kuposa apo, 70mm² ndiye woyenera. Fyuzi ndinaisunthira pafupi penipeni ndi mutu wa batire. Makina ofinyira tinakabwereka ku galaja yoyandikana nafe. Kenako poto wodzaza madzi pa sitovu, mphamvu yonse, mphindi 10, ndikukhudza polumikizira paliponse. Pamene patentha ndiye kuti sipanamange.

Anzanga a zamagetsi, musaiwalenso batire. Batire ya lithium ya 100Ah kawirikawiri BMS yake (kachipangizo koiteteza) imalola 100A yokha, ndiye sitovu ikakwezedwa imangozima. Pamafunika ziwiri zolumikizidwa pamodzi mu parallel (+ ku +, − ku −), kapena imodzi yololeza 200A. Ya AGM, mtundu wa batire ya mtovu ndi asidi, volteji imagwa msanga, inveta n'kuyamba kulira. Inveta nayo ikhale ya pure sine, yotulutsa magetsi osalala ngati a m'nyumba, zinazi sitovu imazikana kapena imapsa nazo. Kuwiritsa lita imodzi ya madzi kumadya pafupifupi 10Ah, choncho tiyi ndi mazira si nkhani, koma nyemba zouma musayese popanda magetsi a pakampu.

Lachinayi anali madandaulo amasiku onse. Wina akuti sitovu yafa, pamene watereka sefuliya ya aluminiyamu. Maginito akakana kumata pansi pa poto, sitovu siyaka. Wina anayatsa sitovu ndi ketulo pamodzi pakampu ya 10A, magetsi n'kuthima, popeza 10A ndi 2300W basi. Wina anayala kansalu pansi pa sitovu n'kutseka fani. Ofuna nsima ndimawauza kuti poto akhale wachitsulo cholemera, ndipo povundula agwire chogwirira zolimba chifukwa pagalasi pamaterera.

Madzulo ake ndinatsegula mabokosi a magalimoto ena onse asanu ndi limodzi. Atatu ali ndi waya womwewo. Lachisanu bwana anabwera ndi pepala la anthu amene analipira kale kuti abwereke magalimoto, nati, “Achimwene, mungowauza kuti asamakweze sitovu kupitirira 5.” Ndinawaonetsa chidutswa cha waya wosungunuka uja n'kunena kuti, “Bwana, magalimoto amenewa sindisayinira.” Anakwiya, komabe waya anaitanitsa, ndipo akuti ufika Lolemba. Makiyi a magalimoto atatuwo ndawatsekera m'bokosi langa la zipangizo.